Lamulo la ku Mbenji ndi Umboni wa Asayansi

Lero tiyeni tiwolokere ku Mbenji, chilumba cha m'nyanja ya Malaŵi, m'dera la Mfumu Makanjira ku Salima. M'zaka za m'ma 1950 mfumu ya kumeneko inaika lamulo limene likusungidwabe: kuyambira mu Disembala kufikira mu Epulo msodzi aliyense achoke pa chilumbacho kuti utaka uswane mwamtendere. Ngakhale nyengo yosodza itatsegulidwa, moŵa, chamba ndi juga nzoletsedwa.

Akuluakulu aja analibe zipangizo zopimira nsomba, koma sayansi ya chibadwa yadzawachitira umboni. Chamoyo chilichonse chili ndi malangizo otchedwa DNA amene chimalandira kwa makolo ake. M'chaka cha 1997 akatswiri anapima DNA ya mbuna, tinsomba ta m'miyala, ku Nkhata Bay. Anapeza kuti magulu olekanitsidwa ndi mchenga wosakwana kilomita imodzi sasakanizana kaŵirikaŵiri. Nanga kuli bwanji chilumba chakutali ngati Mbenji? Kumeneko kuli mbuna yotchedwa Metriaclima mbenjii, imene dzina lake lomwe likuchokera ku chilumbacho. Mtundu wotere ukatha pa miyala yake, palibe kwina kokautapa.

Nkhaniyi ikukhudzanso matupi athu. Tizilombo ta likodzo timakulira mu nkhono za m'madzi, ndipo nsomba zina zimadya nkhonozo. Ku Chembe, m'boma la Mangochi, makoka atachepetsa nsombazi, nkhono zinachuluka ndipo likodzo linakula pakati pa ana. Kenaka mu 2019 akatswiri analengeza kuti popima DNA ya mazira opezeka mu mkodzo wa ana a ku Mangochi, anapeza tizilombo ta likodzo la anthu titakwatirana ndi ta likodzo la ziŵeto. Popanda kupima DNA, chinthu chotere nchovuta kuchitsimikiza. Tsono matenda a mwana, a ng'ombe ndi moyo wa nsomba zakhala nkhani imodzi.

Chotero, omvera, mukamva kuti ngalawa zachoka ku Mbenji mvula itayamba, musati asodzi aja ataya ndalama. Akusunga mbeu imene palibe munthu angailengenso, ndipo akutiphunzitsa kuti wosunga nsomba amasunganso thanzi la ana a m'mbali mwa nyanja.