Mfuu ya m'mudzi ndi apolisi a boma: mbiri ya kusaka mwana wosowa

Kalekale, boma lisanamange nyumba ya njerwa ndi kuikamo munthu wa yunifolomu wolemba madandaulo m'buku, mudzi uliwonse wa kuno kwathu udali ndi chitetezo chakechake, ndipo chitetezocho chidali mfuu. Mayi akaona kuti dzuwa lapendeka, mbuzi zalowa m'khola, ana a eni ake akhala pamphasa kudikira nsima koma wake yekha sakuoneka, sankayamba wadzifunsa ngati nkhaniyo njoyenera kuvutitsa nayo anthu. Ankaima pabwalo nakuwa, ndipo aliyense wakumva kukuwako, kaya ndi mbale kaya ndi mkamwini wobwera dzana, ankasiya chimene wagwira. Amuna ankayatsa miuni ya udzu, ena kulowera kudambo ndi kuzitsime, ena kutsata njira ya kumunda. Anyamata aliwiro ankatumidwa kumidzi yoyandikana nayo kumene mwanayo ali ndi azakhali kapena agogo. Ntchembere zinkatsala ndi make mwana, nizifunsa ana anzake mofatsa, podziwa kuti mwana woopsezedwa amabisa ngakhale chimene wachiona ndi maso. Wogawa anthu adali nyakwawa, ndipo munthu wokhala phee m'nyumba pamene mfuu yamveka ankadziitanira mlandu kubwalo.

Mwambi uja wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, umene lero timaunena pa maukwati ndi pa misonkhano ya makolo kusukulu, makolo athu adauphunzira m'masiku owawa. M'zaka za m'ma 1800, pamene a Jumbe a ku Nkhotakota ankaolotsa akapolo panyanja kupita nawo ku Kilwa, ndiponso nkhondo za Angoni zitabalalitsa midzi, anthu ankagona m'malinga, ndipo mwana wotumidwa yekha kukatunga madzi ankatha kupita osabwereranso. Mudzi wosalondera ana a mnansi unkatha ndi kugwidwa mmodzimmodzi.

Apolisi adafika ndi Angerezi, ndipo tiyenera kunena mosabisa kuti sadabwere kudzathandiza mayi wokuwa uja. Dziko litalowa m'manja mwa Britain mu 1891, bwanamkubwa woyamba, Harry Johnston, adakhazikitsa msonkho wa nyumba, ndipo mzungu aliyense wolamulira boma adali ndi kagulu kake ka asikali, amene ntchito yawo yaikulu idali kusaka othawa msonkho, kutentha nyumba zawo, ngakhale kugwira akazi awo kufikira mwamuna atatulukira ndi ndalama. Gulu la apolisi a dziko lonse la Nyasaland lidakhazikitsidwa mu 1921, likulu lake lili ku Zomba, patangopita zaka zowerengeka chichitikire kuukira kwa John Chilembwe mu 1915. Chotero mwana wa nthawi imeneyo adakula akudziwa kuti wapolisi akaoneka kumayambiriro kwa mudzi, amuna amalowa m'tchire. Ndipo chizolowezi cha amayi ena choopseza mwana wolira kuti amuitanira apolisi, chimene chikadalipo mpaka lero, ndi chipsera cha masiku amenewo.

Zimene zimachitika anthu akataya chikhulupiriro mwa olondera a boma zidaoneka bwino ku Thyolo mu Ogasiti 1953. Pa munda wa mzungu wina kufupi ndi Luchenza padagwidwa anthu akuba malalanje, ndipo mphekesera idawanda m'midzi kuti ogwidwawo aphedwa ndi achifwamba, anthu amene ankanenedwa kuti amaba anzawo ndi kuwadya. Mitima idali itatupa kale ndi thangata, kusowa kwa malo olima, ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chimene chidakakamizidwa chaka chomwecho. Tsono khamu lidasonkhana, mitengo idagwetsedwa m'misewu, apolisi adaombera mfuti, ndipo pofika kumapeto kwa zipolowezo anthu 11 adali atafa. Yankho la boma lidali kukhazikitsa gulu la apolisi othana ndi zipolowe, limene mpaka lero timalitcha Mobailo. Ambiri amaiwerenga nkhaniyi ngati ya ndale basi, koma ine ndiiona ngati ya mudzi umene udamva kuti ana ake asowa, nusapeza wapolisi ndi mmodzi yemwe amene mawu ake ukadawakhulupirira.

Ufulu wa 1964 udasintha nkhope za akuluakulu, kotero kuti mu 1971 a Mac Kamwana adakhala Mmalawi woyamba kutsogolera apolisi, koma mantha sadachoke. Pambali pa apolisi padadza Apayoniya ndi anyamata a malaya ofiira a Youth League, oima pakhomo la msika ndi pokwerera basi kufunsa khadi la chipani, ndipo m'mudzi uliwonse mudali makutu a boma. Alipo okalamba amene amakumbukira nthawiyo ndi chisomo, amati munthu ankagona chitseko chosakhoma, ndipo sindiwatsutsa. Koma ulonda umenewo unkayang'ana munthu wonyoza Ngwazi, mtsogoleri wa dziko, kuposa wakuba nkhuku. Pakati pa 1968 ndi 1970, pamene anthu oposa makumi atatu adaphedwa usiku m'nyumba zawo ku Chilobwe ndi madera ena a Blantyre, apolisi adakhala nthawi yaitali osagwira wolakwa, ndipo m'malo mwa chilungamo mudalowa mphekesera yakuti boma likugulitsa magazi a anthu ku South Africa pobweza ngongole. Walla Laini Kawisa adagwidwa mu 1970 napatsidwa chilango cha imfa, nduna Gomile Kumtumanji idatsekeredwa nifera m'ndende, koma mpaka lero ochepa ndiwo amakhulupirira kuti munthu mmodzi akadachita zonsezo yekha.

Kusintha kwa ndale kudabwera mothamanga. Asilikali adalanda zida za Apayoniya mu Disembala 1993 pa chimene adachitcha Operation Bwezani, chisankho cha zipani zambiri chidachitika mu Meyi 1994, ndipo mfuti zotsala ku nkhondo ya ku Mozambique, imene idatha mu 1992, zidalowa m'dziko mobisa pa mtengo wotsika. Akuba ankathyola nyumba ali ndi AK-47 pamene wapolisi wa pafupi alibe ngakhale njinga. Anthu, poona kuti wakuba amene am'pereka kupolisi Lolemba akumuonanso pamsika Lachitatu atatuluka pa belo, chinthu chimene malamulo atsopano adalola koma palibe adawafotokozera, adayamba kudziweruzira okha ndi miyala, matayala ndi petulo. M'nyengo yotereyi, mu 1997, ndi thandizo la boma la Britain, apolisi a Malawi adayamba ndondomeko ya chitetezo cha m'madera, ndiko kuti anthu wamba azigwira ntchito limodzi ndi apolisi. Ndipo nzochititsa chidwi kuti dziko lomwe lidatibweretsera msikali wa msonkho ndilo lidadzalipira ndalama zophunzitsira mdzukulu wake kukhala pansi pa mtengo ndi mfumu.

Ndondomekoyi idatsata makwerero a ufumu: komiti yolimbana ndi umbanda m'mudzi, gulu lokulirapo kwa gulupu, ndi bwalo lalikulu kwa mfumu ya ndodo, limene limakumana ndi mkulu wa polisi ya m'deralo. M'matauni ndimo mudabadwa anyamata olondera usiku aja. Amene adagonako ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chibavi amawadziwa: anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, wina wavala jekete yonyezimira yothethekathetheka, wina chipewa cha ubweya, m'manja muli zibonga, tochi imodzi ya mabatire ofooka ndi wisulo, akuyenda m'tinjira ta pakati pa mipanda ya udzu, ndipo mwezi ukatha amagogoda khomo ndi khomo ndi kope lolembamo amene apereka kangachepe. Malipiro a boma alibe. Ena mwa iwo ndi anthu okhulupirika amene apulumutsa katundu ndi miyoyo. Ena, tisanamizane, amamenya woyenda usiku asanamufunse dzina, ndipo alipo amene adapezeka kuti ndiwo ankalozera akuba nyumba yopanda mwini.

Pambuyo pake padabwera zina zothandiza ana makamaka: maofesi a Victim Support Unit m'mapolisi, kumene mayi angalankhule ndi wapolisi pambali osati pakauntala pamaso pa anthu, lamulo latsopano la apolisi ndi lamulo losamalira ndi kuteteza ana, onse a 2010, lamulo loletsa kuzembetsa anthu la 2015, ndi nambala yaulere ya 116, imene bungwe la YONECO la ku Zomba limayankha pa nkhani za ana.

Koma ng'anjo imene idayesa zonsezi idayaka chakumapeto kwa 2014, pamene kudabuka mchitidwe woba ndi kupha anthu achialubino chifukwa cha bodza lakuti mafupa awo amabweretsa chuma. Apa nzeru ya makolo idapezeka yoperewera, pakuti mfuu idapangidwira mdani wochokera kunja, fisi wa kutchire kapena wogwira akapolo wa kutsidya, pamene tsopano mdani ankadya m'mbale imodzi ndi mwanayo, monga Yosefe adagulitsidwa ndi abale ake omwe. Mu Epulo 2016 ku Kasungu, kamtsikana kosakwana zaka ziwiri kadabedwa usiku kali m'tulo pambali pa mayi ake, ndipo patapita masiku zidutswa za thupi lake ndi zovala zidapezeka paphiri; mwa amene apolisi adawagwira mudali bambo ake omubereka. Nyumba ya Malamulo idakhwimitsa zilango chaka chomwecho, ndipo pambuyo pake boma lidagawa timakina tolira mokweza kuti munthu wachialubino akaukiridwa adzutse anansi, kumene kuli kuvomereza kuti pakati pa usiku, kumudzi kumene galimoto ya polisi ingafike mawa lake, wothandiza woyamba akadali mnansi.

Nawo apolisi sadatuluke m'ng'anjomo oyera. MacDonald Masambuka, mnyamata wa zaka 22 wa ku Machinga, adasowa mu Marichi 2018 napezeka ataphedwa. Ndipo pamene Khoti Lalikulu lidagamula mlanduwo mu 2022, mwa anthu 12 opezeka olakwa mudali mbale wake weniweni, wansembe, wachipatala ndi wapolisi, ndiwo anthu anayi amene mayi wosowa mwana angathamangire poyamba. Mu Febuluwale 2019, mnyamata wa zaka 14 atabedwa ku Dedza, mmodzi wa oganiziridwa, Buleya Lule, adafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe mlandu usanathe, ndipo bungwe la boma loona za ufulu wa anthu lidapeza kuti adazunzidwa. Zimene ankadziwa, ngati ankadziwa kanthu, adapita nazo kumanda.

Tsono pamene chikhulupiriro chaphwa, mfuu imasanduka chilombo. Mu Seputembala ndi Okutobala 2017, mphekesera ya anamapopa itawanda ku Mulanje, Phalombe, Thyolo mpaka Blantyre, magulu a anyamata adatseka misewu namasecha galimoto iliyonse, anthu osalakwa adaphedwa, ena mwa iwo odwala misala kapena khunyu amene sadathe kudzifotokoza, ndipo bungwe la United Nations lidachotsa antchito ake m'maboma ena. Misewu yake idali ya m'dera lomwe lija la 1953. Khamu lomwelo limene lingapeze mwana m'dambo usiku umodzi lingathenso kupha mlendo wongofunsa njira, ndipo kusiyana kwake kwagona pa chinthu chimodzi, ndicho ngati pali munthu, mfumu, wapampando wa komiti kapena wapolisi wodziwika nkhope, amene anthu angamumvere akati wogwidwayu tipite naye kupolisi.

Lero mfuu yalowa m'foni. Kumene kale uthenga wa mwana wosowa unkadikira wailesi ya MBC, chilengezo cha kutchalitchi kapena chimkuzamawu cha pamzikiti, tsopano chithunzi chake chimafika ku Mzuzu ndi ku Johannesburg pa WhatsApp mayi asanamalize kulira. Ku America adaikonza njirayi mwadongosolo pambuyo pa kubedwa ndi kuphedwa kwa mtsikana wa zaka 9 ku Arlington, Texas, mu 1996, naitcha AMBER Alert, ndipo apolisi a ku South Africa adayamba yawo mogwirizana ndi Facebook mu 2020. Kumeneko uthenga umatuluka apolisi atautsimikiza. Kwathu kuno aliyense amatumiza yekha, kotero kuti chithunzi cha mwana amene adapezeka chaka chatha kwa azakhali ake chimazungulirabe, ndipo nthawi zina chimayenda ndi nkhope ya munthu amene wangoganiziridwa. Makomiti amene amagwira bwino ntchito ndi aja amene adapangana kusanapse ngati nkhanga: amadziwiratu amene adzathamangire kupolisi nthawi yomweyo osadikira kuti kuche, amene adzapite kudepoti ya minibasi ndi kukafunsa a kabaza, amene adzayang'ane zitsime, maenje a njerwa ndi mitsinje, kumene ana aang'ono amagweramo kawirikawiri kuposa m'manja mwa akuba, ndi amene adzalembe zovala zimene mwanayo adavala. Ndipo akapezeka, pamakhala wina wobwerera pa WhatsApp pomwepo kukanena kuti wapezeka.