Mfuti za Alenje a m'Chigwa cha Luangwa

Ana inu a ku Nyampande, mfuti zimene makolo anu Ansenga ankagula kwa Achikunda ndi minyanga ya njovu zinali za gogodela: mlenje ankathira wonga kukamwa kwa mfuti, naomba kamodzi kokha. Pambuyo pake Azungu anadza ndi mfuti zokhala ndi kachitsulo kamene, pokakoka ndi kukakankha, kankataya khoko ndi kulowetsa chipolopolo china. Ya Mauser, ya mu 1898, yochokera ku Germany, inkanyamula zipolopolo 5. Ya Lee-Enfield, ya ku Britain, inkanyamula 10. Popeza kupha nyama kunaphweka, kuziteteza kunafunika. South Luangwa inapatulidwa mu 1938, ndipo mu 1972 inakhala National Park. Kafunseni agogo anu mfuti imene ankasaka nayo.