Mbiri ya Lamulo Loletsa Kubisa Nambala ya Galimoto

Magalimoto oyamba analibe nambala. Galimoto ikagunda munthu kapena ciweto nithawa, otsala m'mbuyo anali kuona pfumbi lokha, osadziwa woti amsumire. Cifukwa ca ici apolisi a mzinda wa Paris analamula pa 14 August 1893 kuti galimoto iri yonse ikhale ndi cizindikilo cace.

Koma nkhani yathu yeni-yeni iri ku Mangalande. Kumeneko Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo la magalimoto m'caka ca 1903, ndipo linayamba kugwira nchito pa 1 January 1904. Mwini galimoto anali kulipira paundi imodzi polembetsa, ndipo liwiro linaletsedwa kupitirira mamailo 20 pa ora. Nambala yochuka ya A1 inapatsidwa kwa Earl Russell wa ku London.

Eni magalimoto masiku amenewo anali anthu olemera, ndipo ambiri anadandaula kuti Boma liwapatsa nambala monga akaidi. Inu a ku migodi, amene mudziwa kuitanidwa ndi nambala, mukhoza kuseka pang'ono pakumva dandaulo lotere.

Tsono opanga lamulo anadziwiratu mtima wa munthu. Anaona kuti wothamangitsa galimoto, poopa wapolisi wobisala kuseri kwa mpanda ndi wochi m'manja, sadzacotsa nambala ai, koma adzaileka kuti ide. Potero analemba m'lamulo lomwelo kuti nambala ikaphimbika, kapena ikalekedwa kufikira yosawerengeka bwino, woyendetsa ali ndi mlandu. Apa panali nzeru ndithu, pakuti miseu yambiri inalibe tara, ndipo matope anali kuthira pa nambala ya wolungama ndi ya wocenjera yemwe. Nanga woweruza awasiyanitse bwanji? Lamulo linati woyendetsa apulumuka ngati iye mwini asonyeza kuti anacita zonse zotheka kuti nambala ioneke. Ndiko kuti katundu wa umboni anamsenzetsa woyendetsa, osati wapolisi, ndipo ine ndiyesa anakhoza.

M'caka ca 1976 akatswiri a apolisi a ku Mangalande anapanga makina a kamera owerenga nambala okha. Acinyengo nawonso anasintha: m'malo mwa matope agwiritsa nchito zophimba zonyezimira ndi zilembo zopotozedwa. Mau akale aja analowanso m'lamulo la 1994, ndipo wobisa nambala kumeneko akhoza kulipitsidwa kufikira mapaundi 1,000.