Mbiri ya Phala la pa Sukulu

Lero tikambirana za phala limene ana athu amamwa pa sukulu. Ambiri a inu mwaona amayi a m'mudzi mwanu ali kudzuka tambala woyamba, kusenza nkhuni ndi kukakoleza moto pa sukulu. Ena amafunsa kuti, "Kodi ntchito yonseyi ili ndi phindu? Kodi sukulu ndi malo ophunzirira kapena odyera?" Funso limeneli si lachilendo. Anthu a maiko ena analifunsa zaka zoposa 100 zapitazo, ndipo yankho lake linapezeka pang'onopang'ono. Tiyeni timve m'mene linapezekera.

Tiyambire ku Mangalande. Pa nkhondo ya Angerezi ndi Mabunu ku South Africa, kuyambira 1899 kufikira 1902, anyamata ambiri amene anafuna kulembedwa usilikali anabwezedwa ndi madokotala chifukwa anali ofooka ndi osakula bwino. Boma linadabwa, ndipo pofufuza linapeza kuti ana a anthu osauka a m'matauni sanali kudya mokwanira. Tsono mu 1906 linapanga lamulo lolola makhonsolo kupatsa chakudya ana a sukulu.

Chaka chotsatira, mu mzinda wa Bradford, dokotala wa masukulu dzina lake Ralph Crowley anasankha ana osauka ngati 40. Kuyambira April kufikira July anawadyetsa kawiri pa tsiku, m'mawa ndi masana, ndipo chakudya cha m'mawa chinali phala la mkaka pamodzi ndi buledi. Kawirikawiri anali kuwayesa pa sikelo. Anawo analemera msanga kuposa anzao osadyetsedwa. Koma imvani ichi: sukulu itatsekera masiku a tchuthi, anawo anayambanso kutsika pa sikelo, pakuti kwao kunalibe chakudya chokwanira. Mfundo imeneyi muisunge, tibwererako.

Sikelo imaonetsa za thupi, koma siinena za nzeru. Kodi mwana wodya amaphunziradi bwino kuposa wanjala? Ichi chinayesedwa pa chilumba cha Jamaica, kutsidya kwa nyanja yaikulu ya Atlantic, kumene kunali ana ambiri onyentchera. Mu 1989 madokotala awiri, Simeon ndi Grantham-McGregor, analemba zimene anaona. Anatenga ana a zaka 9 ndi 10, tsiku lina nawapatsa chakudya cha m'mawa, tsiku lina tiyi yekha, ndipo masiku onse awiri anawapatsa mafunso oyesa maganizo. Ana amene anali kudya bwino kwao sanavutike kwenikweni. Koma ana opinimbira, ndi amene anadwalapo matenda a kusowa chakudya ali aang'ono, anabwerera m'mbuyo pa tsiku la tiyi yekha.

Mu 1998 kunatuluka mbiri ya kuyesa kwina ku Jamaica komweko, pa ana oposa 800 a m'masukulu a kumidzi. Theka la iwo linalandira chakudya cha m'mawa chaka chonse cha sukulu, theka lina kachigawo ka lalanje kokha. Odyawo anajomba masiku ochepa, anakula bwinopo, ndipo aang'ono mwa iwo anapita patsogolo pa masamu. Pa kuwerenga kusiyana sikunaoneke. Apa tiphunzira zinthu ziwiri. Choyamba, chakudya cha pa sukulu chimathandiza koposa mwana uja amene kwao kuli kusowa. Chachiwiri, phala limabweretsa mwana m'kalasi ndi kumtsegula maso, koma siliphunzitsa. Pafunikabe mphunzitsi ndi buku.

Tsopano tibwere kwathu kuno. Mu 1938 ndi 1939, dziko lino likali Nyasaland, dokotala B. S. Platt ndi anzake anakhala m'midzi ya m'boma la Kota Kota, nayesa chakudya chimene anthu anali kudya chaka chonse. Anaona chimene mlimi aliyense adziwa kale, kuti chakudya chimachepa m'miyezi ya dzinja, nkhokwe zitatha ndi chimanga chisanache, pamene ntchito ya kumunda ili yaikulu. M'miyezi yomweyo ya January ndi February sukulu zimakhala zotsegula, ndipo mwana amayenda mtunda wautali m'mimba mulibe kanthu.

Kalelo ana opita ku sukulu anali owerengeka. Zinthu zinasintha mu 1994, pamene Boma linachotsa fizi ku sukulu za pulaimale. Ana anachuluka kuchokera pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Amene analowa kumenewo ambiri anali a m'mabanja osauka, ndipo kulembetsa dzina kunali kosavuta kuposa kukhalabe pa sukulu. Mu 1999 bungwe la World Food Programme linayamba kudyetsa ana m'masukulu ena a ku Dedza. Pa njala ya 2002, munthu wina wa ku Scotland, Magnus MacFarlane-Barrow, anayambitsa bungwe la Mary's Meals, limene linayamba ndi ana 200 okha, ndipo patapita zaka linafika podyetsa ana oposa 1 miliyoni m'Malawi muno. Phala lake ndi lija tilidziwa ndi dzina la Likuni Phala, la ufa wa chimanga ndi soya, lothiramo mavitamini. Dzinali linachokera ku chipatala cha mishoni cha Likuni, pafupi ndi Lilongwe. Ufa umabwera ndi galimoto, koma ophika, otunga madzi ndi otola nkhuni ndi anthu a m'mudzi, osalandira malipiro.

Nanga mbiri imeneyi itiuza chiyani ife?

Kumbukirani ana a ku Bradford amene anatsika pa sikelo masiku a tchuthi. Phala la pa sukulu ndi loonjezera, si lolowa m'malo mwa nsima ya pakhomo. Mayi akanena kuti, "Uyu wamwa kale ku sukulu, adikire madzulo," ndiye kuti wachotsa ndi dzanja lamanzere chimene sukulu yapereka ndi lamanja. Mwana abwere ku sukulu apeze gawo lake lili m'mbale.

Kumbukiraninso ana opinimbira a ku Jamaica. Kupinimbira kumayamba mwana ali m'mimba kufikira atakwana zaka 2, ndipo pofika zaka 6 zolowera sukulu nkovuta kukubweza. Pa kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 ndi 2016, ana 37 mwa 100 aliwonse osafika zaka 5 anapezeka opinimbira. Inu alimi mudziwa kuti chimanga chimene chafiira chili chaching'ono sichibereka bwino ngakhale muthire feteleza pambuyo pake. M'mera mpoyamba. Chifukwa chake musagulitse mtedza, soya ndi nyemba zonse pa nthawi yokolola. Sungani zina zosinjira m'phala la mwana wamng'ono, ndi zodyetsa mayi wapakati ndi woyamwitsa.

Kwa inu mafumu, mau athu ndi awa. Ntchito yophika ikagwera amayi ochepa okhaokha, amatopa, ndipo tsiku limene moto sunayake ana amabwerera kwao. Gawani masiku mwachilungamo pakati pa midzi yonse yotumiza ana pa sukulupo, ndipo amuna nawo atenge mbali pa nkhuni ndi pomanga khitchini. Onetsetsani kuti matumba a ufa ali kuwerengedwa poyera, komiti ya sukulu ili pomwepo. Ngati pali malo, perekani munda wa sukulu ndi podzala mitengo ya nkhuni, pakuti thandizo lochokera kunja litha kuchepa chaka chilichonse. Ndipo mukamva kuti ana ena amathawa akangomwa phala, itanani makolo awo pabwalo. Phala labwera kuti mwana akhale pansi ndi kumva mphunzitsi kufikira belu lomaliza.

Sabata ino pitani nokha ku sukulu ya kwanu m'mawa, mukaone mphika, mukafunsenso aphunzitsi kuti ana angati ajomba. Tsalani bwino.