Masiku Awiri m'Nyumba ya Malamulo ya ku Britain

Ambiri ayesa kuti wotsutsa boma pa nthawi ya nkhondo ndiye mdani wa dziko lace. Mbiri ya ku Britain itionetsa zina.

M'mwezi wa April 1940 Ajeremani analowa m'dziko la Norway. Boma la Neville Chamberlain linatumiza asilikari kukawaletsa, koma iwo anapita ndi zida zoperewera ndi ndege zowerengeka, ndipo pofika May ambiri anabwerera osapindula kanthu.

Tsono pa 7 ndi 8 May aphungu anakamba mlanduwo ku London. Popeza Nyumba ya Malamulo ndiyo ivomereza ndarama za nkhondo, ili nayo mphamvu yakufunsa mmene zagwirira nchito. A cipani cotsutsa ca Labour, mtsogoleri wao Clement Attlee, anadzudzula kayendetsedwe ka nkhondoyo, napempha kuti aphungu aponye voti. Okhulupirira boma anapezeka 281, okana 200, ndipo mwa okanawo munali ngati 40 a mbali ya boma lomwe.

Boma linapambana, koma Chamberlain anaona kuti mphamvu yamcokera. A Labour atakana kutumikira pansi pace, iye anatula udindo pa 10 May. Winston Churchill anakhala Nduna Yaikuru, Attlee nalowa m'boma lace, ndipo anayenda pamodzi kufikira Ajeremani anagonja mu 1945.

Acikhala aphungu anaopa kufunsa, dziko likadapitirira ndi utsogoleri wofoka pa nthawi yoopsya. Akuru anati, wakutsina khutu ndi mnansi.