Nyanja imayambira kumtunda, mapu ake asatsekeredwe m'makabati

Mlimi wa ku Namitete kapena ku Nsaru ukamuuza za mapu a Nyanja ya Malawi angakufunse kuti zikumukhudza bwanji, poti iye sawedza usipa ndipo sakwera sitima ya Ilala. Komatu mvula yogwa m'munda mwake siithera pomwepo. Mtsinje wa Namitete umathira mu Bua, Bua n'kutsikira ku Nkhotakota. Wa Lilongwe umachokera ku Dzalanyama, n'kukumana ndi Linthipe, madzi ake n'kukalowa m'nyanja ku Salima. Dothi lokokoloka m'madambo a kuno limakakwirira timiyala tomwe mpasa zimaikirapo mazira mu Bua. Nyanja ndi kumtunda ndi thupi limodzi, koma mbiri ikuonetsa kuti aliyense amene anaiyeza ankayezera zofuna zake, zomwe wapeza n'kuzitsekera m'kabati mwake.

Oyamba anali atsamunda, ndipo iwo ankafuna malire basi. Pangano la Britain ndi Germany la pa 1 July 1890 linaika malire m'gombe la kum'mawa, kutanthauza kuti madzi onse a chakumpoto ndi a dziko lino. Mu 1954 Britain ndi Portugal anagwirizana zosuntha malire a mbali ya Mozambique kuti adutse pakati pa nyanja, zilumba za Likoma ndi Chizumulu n'kutsalabe kwa ife. Chomvetsa chisoni n'chakuti maofesi a boma limodzi lomwelo la Britain, lomwe linkalamula Nyasaland ndi Tanganyika yemwe, ankatulutsa mapu osagwirizana: ena mzere uli m'gombe, ena uli pakati pa madzi. Kusalabadirana kwa maofesi kumeneko kunadzaphuka patapita zaka zambiri. Boma litapereka chilolezo chofufuza mafuta kwa kampani ya Surestream mu 2011, dziko la Tanzania linadzutsanso mkangano, ndipo mapu akalewo anakhala ena mwa maumboni ake. Mtsogoleri wakale wa Mozambique, Joaquim Chissano, ndi atsogoleri anzake opuma anayesa kuyanjanitsa mbali ziwirizi, koma mlandu sunathe.

Enanso anayeza nyanjayi chifukwa cha kukwera ndi kutsika kwa madzi. Kaundula wake amasonyeza kuti pakati pa 1915 ndi 1935 madzi anaphwa mpaka Shire analeka kutuluka m'nyanja, ndipo kuti cha m'ma 1980 anakwera kwambiri. Chitseko cha madzi cha Kamuzu Barrage ku Liwonde chinamangidwa mu 1965 pofuna kuteteza magetsi a ku Nkula. Choncho boma linkadziwa pomwe madzi amafika akasefukira. Nanga zinatheka bwanji kuti nyumba ndi malo ogona alendo zimangidwe pamchenga pomwepo, n'kudzamira mu 2024 ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota? Woyeza madzi anali ndi manambala ake, wopereka malo anali ndi mapulani ake, woona za nsomba naye ake, ndipo mapepalawo sankakumana pa tebulo limodzi. Mutu umodzi susenza denga, koma ngakhale mitu itachuluka, denga silinyamuka ngati aliyense akukokera kwake.

Anthu a kumadzulo kwa Lilongwe amadziwa bwino mphamvu ya mapu kuposa Amalawi ambiri. Malamulo a malo a mu 1967 ndiponso chitukuko cha Lilongwe Land Development Programme, chomwe chinayamba mu 1968 ndi ngongole ya World Bank, zinabweretsa oyeza malo m'midzi, minda ya mabanja n'kulembedwa m'kaundula monga ndunda. Pepala limodzi linkatha kuthetsa mkangano wa malire, komanso linkatha kuuyambitsa likakhala m'manja mwa munthu mmodzi, abale ena osaliona. Zomwe zimachitika pa ndunda ndi zomwenso zimachitika pa nyanja.

Alipo onena kuti poti nkhani ya malire ndi Tanzania idakalipo, mapu a nyanja ndi chinsinsi cha boma. Nkhawa imeneyi ndi yomveka, koma pangano la 1890 si chinsinsi, ndipo setilaiti zimajambula gombe lathu tsiku ndi tsiku. Wotsala mumdima ndi msodzi, mfumu ndi khansala, osati dziko loyandikana nalo. Enanso amati ndalama palibe. Zoona, kuyeza kuya kwa nyanja kumadula, koma kugawana zomwe zayezedwa kale sikulira zambiri. Chiyambi chilipo kale: mu 2012 boma linakhazikitsa MASDAP, nkhokwe ya mapu ya pa intaneti yomwe aliyense angatsegule, ndipo madzi atasefukira mu January 2015 ogwira ntchito zothandiza anthu anaona phindu la mapu omwe ali poyera.

Chofunika tsopano n'chakuti nthambi zoona za mapu, madzi, nsomba, nkhalango ndi ngozi zogwa mwadzidzidzi zikakamizidwe kuika zomwe zili nazo m'nkhokwe imodzi, kuyambira ku Dzalanyama mpaka ku gombe. Makhonsolo a Lilongwe, Salima ndi Nkhotakota azigwiritsa ntchito mapu amodzi, ndipo mapuwo asindikizidwe m'Chichewa, afike kwa mafumu a ku Kabudula, Mpingu ndi Nambuma, kuti ogawa minda m'mphepete mwa mitsinje aone kumene dothi lawo likupita.