Kuchokera ku Phale Kufikira ku Wailesi

 Lero tikamba mbiri ya dothi lootcha.

Mlimi akamagaula, nthaŵi zina khasu limafukula phale, iye n'kuliponya kumbali. Komatu phale ndi mboni yakale. M'zaka za m'ma 1960 Keith Robinson anakumba ku Nkope, m'boma la Mangochi, napeza mapale a anthu amene ankaumba mbiya zaka zoposa 1,500 zapitazo. Apulumuka chifukwa dothi likapsa siliola, chiswe sichilidya, ndipo silichita dzimbiri.

Makolo athu anadziŵanso kuti dothi limapirira moto. Ng'anjo zao zoyengera chitsulo, pamodzi ndi mipope yoloŵetsera mpweya, zinali zadothi, ndipo moto wake unkapitirira madigiri 1,100. Popanda woumba, wosula sakanatipatsa khasu.

Koma mbiya ili ndi chilema chimodzi: ikagwa imasweka. M'chaka cha 1953, Donald Stookey wa kampani ya Corning ku America anaika galasi m'ng'anjo kuti litenthe madigiri 600. Ng'anjoyo inalakwa nifika 900. Galasilo linatuluka loyera ngati mkaka, ndipo litamupulumuka n'kugwa pansi linangolira ngati chitsulo, osasweka. M'kati mwake munali mutamera timibulu tosaoneka ndi maso, timene timatsekereza mng'alu kuti usapitirire. Pofika 1958 anali kugulitsa miphika ya galasi lotereli, yotha kuchoka pozizira kupita pamoto osaphulika.

Zoumba zamakono tili nazo pafupi. Choyera chija cha pa pulagi ya njinga yamoto ndi alumina, yosasungunuka mpaka madigiri 2,000, ndipo siilola magetsi kudutsa. M'wailesi ndi m'mafoni muli tizipangizo tosunga magetsi, tambiri toumbidwa ndi barium titanate.

Tsono tamverani, abale anga. Pomeretsa timibulu tija a Corning ankathiramo titanium dioxide, ndipo barium titanate nayonso imapangidwa ndi yomweyo. M'nthaka, titanium dioxide imapezeka ngati mchenga wotchedwa rutile. M'chaka cha 2022 kampani ya Sovereign Metals ya ku Australia inalengeza kuti ku Kasiya, m'boma lathu lino la Lilongwe, kuli rutile wochuluka koposa malo ena onse odziŵika pa dziko lapansi. Mu 2023 kampani ya Rio Tinto inagulamo gawo. Rutile wambiri amathera ku penti ndi ku chitsulo cha titanium, ndipo wina amapita ku zoumba.

Amayi akale ankatapa dothi kudambo, naliumba, naliotcha pamudzi pomwepo. Phindu silinkaoloka mtsinje. Mchenga wa ku Kasiya uli pansi pa minda ya chimanga ndi fodya. Mafumu athu, aphunzitsi ndi inu achinyamata, funso tikusiyirani ndi ili: kodi tidzangokhala otapa, oumba nakhala ena kutsidya la nyanja?